Banja Lili ndi Ankhoswe Kumwamba



Ndiyambe ndi usiku wina wa m'dzinja, zaka zingapo zapitazo. Tinali titazimitsa kale nyali pamene tinamva kugogoda. Nditatsekula ndinapeza mwana wamkazi wa mlongo wanga, khanda kumbuyo, kathumba ka zovala m'manja, matope mpaka m'maondo. Anangoti, "Amalume, ine zandikwana." Ndine ndinali nkhoswe ya ukwati wake, choncho sanasochere khomo. Kutacha ndinatumiza uthenga kwa nkhoswe ya kuchimuna, ndipo madzulo ake tinakhala pansi pa mtengo wa mango, anthu anayi. Panalibe kumenyana, panalibe chibwenzi cha mseri. Panali ngongole imene mwamuna anatenga osauza mkazi wake, mawu oipa amene mkazi anatulutsa atadziwa, kenaka miyezi iwiri yogona mofulatirana, kulankhulana kodzera mwa ana. Titamva mbali zonse ndinawafunsa kuti, "Kodi inu awiri munapempherera limodzi komaliza liti?" Anayang'anana, koyamba tsiku limenelo. Mwamuna ndiye anayankha: "Patsiku la ukwati, amalume." Panali patapita zaka zinayi.

Sindinawadzudzule, chifukwa yankho limenelo ndi la mabanja ambiri, ngakhale a ife amene sitijomba Misa. Mayi ali ku Legio, bambo ali m'komiti ya tchalitchi, aliyense amapemphera ndi anthu ena onse kupatula amene amagona naye mphasa imodzi.

Lero ndikufuna tiime pa liwu limodzi, liwu lakuti nkhoswe. Kwathu kuno ukwati wopanda ankhoswe timauyesa chibwenzi chabe. Ndipo amene anatiphunzitsa katekisimu m'chinenero chathu, pofuna liwu lotchulira woyera amene parishi kapena munthu wapatsidwa kuti azimuyang'anira, anatola liwu lomweli. Timati nkhoswe ya parishi yathu, nkhoswe yanga ya ubatizo. Anasankha bwino. Banja la Chikatolika lili ndi ankhoswe apansi pano, amene mumawatumira nkhuku, ndipo lili ndi ena kumwamba, amene ambiri mwa ife sitinawaitanepo n'kamodzi komwe.

Koma tisanafike kwa iwo, tikumbutsane zimene zinachitika paguwa tsiku lija. Mukukumbukira zimene munalipira: holo, keke, diresi, suti, magalimoto, mpunga ndi nkhuku za alendo, ndipo achibale anavina perekaniperekani mpaka matumba kupepuka. Chinthu chimodzi chokha sichinagulidwe, ndipo dzina lake limanena zomwezo: chaulere. Abale athu a mipingo ina amati chisomo, ndipo ndi liwu labwino, koma ine ndimakonda lathuli chifukwa ngakhale mwana wa kumsika amalimva. Chaulere ndi moyo wa Mulungu mwini wake, woperekedwa kwa munthu amene sanaugwirire ntchito.

Ambiri timaganiza kuti wansembe ndiye anatikwatitsa. Mpingo umaphunzitsa kuti m'mwambo wathu wa Chilatini, opereka Sakramenti la Ukwati ndi mkwati ndi mkwatibwi eni ake. Wansembe amaimirira monga mboni ya Mpingo, amalandira malonjezo anu, amadalitsa. Sakramenti munapatsana nokha pamene munagwirana dzanja lamanja n'kunena mawu aja. Ndiye taganizani tanthauzo lake. Mulungu anasankha kuti chaulere chimene akufuna kupatsa mayi awa chizidzera mwa bambo awa, ndipo cha bambo chizidzera mwa mayi. Ubatizo unachitika kamodzi, madzi anauma. Ukwati ukuperekedwabe m'mawa uliwonse, m'khitchini, kumunda, kuchipatala, kuchipinda. Bambo mukakhala masabata atatu osalankhula ndi akunyumba kwanu, mwatseka ngalande imene Mulungu anakumba yekha, ndipo dimba la kumunsi likuuma.

Nkhani ya ku Kana mumaidziwa, ili m'mutu wachiwiri wa Mthenga wa Yohane, ndipo kuyambira 2002, pamene Papa John Paul II anawonjezera zinsinsi za kuwala, timaisinkhasinkha mu korona Lachinayi lililonse. Vinyo anatha phwando lili pakati. Woyamba kuona sanali mkwati, sanali wamkulu wa phwando. Anali Maria. Iye sanapange vinyo, sanapite kukagula. Anapita kwa Mwana wake n'kumuuza za kusowako, kenaka anatembenukira kwa otumikira n'kuwalangiza kuti achite chilichonse chimene Yesu anene. Ntchito ya nkhoswe ndi imeneyo: kuona vuto lisanachititse manyazi, kulitula kwa amene angalithetse, ndi kuuza eni ake kuti amvere.

Pali kambali kena kamene amayi otunga madzi amakamva kuposa ife abambo. Mitsuko inali isanu ndi umodzi, yamwala, uliwonse wolowa malita pafupifupi 100. Amenewo ndi madzi okwana ndowa 30 za malita 20. Yesu akanatha kudzaza mitsuko yopanda kanthu ndi vinyo. Anafuna kuti anthu ayambe atunga, abwerere kuchitsime, atungenso, mpaka pakamwa pa mtsuko, asakudziwa kuti madziwo athandiza chiyani pavuto la vinyo. Madzi a m'banja ndi zinthu zosaoneka ngati za Mulungu. Kuika malipiro onse poyera mwezi ukatha. Kudzuka usiku kukafunditsa mwana kuti mnzako agoneko. Kunena kuti "pepani" usanatsimikize kuti ndani anayamba. Kulandira apongozi odwala m'nyumba ya zipinda ziwiri. Palibe chimodzi mwa izi chimene pachokha chingadzutse chikondi chimene chazirala. Ndi madzi. Wosandutsa ndi wina. Koma sindinaonepo banja limene linalawa vinyo watsopano mitsuko ili gwaa.

Apa ndiyenera kulankhula mosabisa, poti tili tokhatokha akuluakulu. Banja likagwedezeka, pali anzathu amene amanong'oneza njira yachidule: kamuzu kothira m'ndiwo kuti bambo asayang'ane kumbali, kachithumwa koika kunsi kwa pilo. Ena, poopa tchimo limenelo, amasandutsa zinthu zoyera kukhala mankhwala omwewo. Mendulo amaisokerera m'thalauza la mwamuna mobisa, madzi odalitsa amawathira m'tiyi ngati khuzumule. Zimenezo si chikhulupiriro. Mankhwala amafuna kumanga mnzako kuti asathe kusankha. Chaulere chimamasula munthu kuti athe kukonda mwa kufuna kwake, ndipo kawirikawiri chimayamba n'kusintha amene akupemphayo. Mendulo, korona, chithunzi cha Banja Loyera pakhoma, madzi odalitsa pakhomo, zonsezi n'zabwino ndipo muzikhala nazo, koma ntchito yake ndi kukukumbutsani kuti mugwade.

Tsopano za ankhoswe a kumwamba. Ambiri muli ndi mlamu kapena mpongozi wa mpingo wina amene amakufunsani kuti bwanji mumapembedza akufa. Muyankheni mofatsa. Mkhalapakati wa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi, Yesu Khristu. Paulo analembera Timoteo zimenezo ndipo ife timazikhulupirira kotheratu. Koma mlamu yemweyo mwana wake akagonekedwa m'chipatala amakuimbirani foni kuti mumupempherere, ndipo saona ngati wachotsa Yesu pampando. Ifenso timachita chimodzimodzi, kungoti sitikhulupirira kuti imfa imatulutsa munthu mu Mpingo. Amene ali ndi Khristu ali moyo kuposa ife. Chichewa chathu chimasiyanitsa bwino ndi kachidutswa kakang'ono ka liwu: timapembedza Mulungu yekha, oyera amatipembedzera.

Makolo athu sakanadabwa nazo. Ankathira nsembe pakachisi kapena patsinde pa mtengo, kupempha mizimu kuti ikawanenere kwa Chauta mvula ikavuta. Ankadziwa kuti kwa mfumu supita wekha. Kusiyana kwake n'kwakuti mizimu inkaopedwa: ukaiwala inkatha kukwiya, anthu n'kumati matenda awa ndi agogo akufuna mowa. Woyera sakwiya ukamuiwala, satumiza matenda, salipiritsa. Akulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo awa ndi akulu amene mwa iwo mulibenso moto wa mkwiyo ngakhale pang'ono.

Nkhoswe yabwino imakhala munthu amene analawako banja. N'chifukwa chake ndikufuna ndikudziwitseni ena mwa oyera amene anaphikapo nsima ya ana, analipirapo ngongole, anaikapo maliro a mwana wawo.

Ndikhalitsa pa banja limodzi la ku France, Louis Martin ndi mkazi wake Zélie. Mwana wawo wotsiriza mumamudziwa, Thérèse, amene ife timati Tereza wa Mwana Yesu. Awiriwa poyamba sanafune n'komwe banja. Louis anakagogoda ku nyumba ya amonke ya Great Saint Bernard, anamubweza chifukwa sankadziwa Chilatini, ndipo anakhala wokonza ndi kugulitsa mawotchi. Zélie anafuna usisiteri, naye anamubweza, n'kuyamba bizinesi yoluka nsalu za maluwa zimene tauni ya Alençon inkatchuka nazo. Anakwatirana pa 13 Julayi 1858. Anabereka ana asanu ndi anayi. Pakati pa 1867 ndi 1870 anaika m'manda anayi mwa iwo: anyamata awiri akhanda, kamtsikana kakhanda, ndi Hélène wa zaka zisanu. Amayi amene munabwerako kuchipatala ndi nsalu yokha, mayi ameneyu anayenda njira imeneyo kanayi m'zaka zinayi. Makalata ake oposa 200 alipo mpaka lero, ndipo mmenemo mulibe munthu woyandama m'mitambo. Muli mayi wotopa ndi maoda a makasitomala, wodandaula za antchito, woda nkhawa ndi ana odwala, wosowa tulo chifukwa cha Léonie, mwana wachitatu, amene anali wovuta kulera ndipo sukulu inkamukanika.

Nanga chiyero chawo chinali pati? Ankadzuka kupita ku Misa ya hafu pasiti faifi m'mawa, awiriwo. Louis ankatseka sitolo Lamulungu ngakhale linali tsiku limene anthu a kumidzi ankabwera m'tauni ndi ndalama. Bizinesi ya mkazi itakula kuposa yake, mu 1870 anagulitsa sitolo yake ya mawotchi kuti azithandiza mkazi wake, kumuyendera maulendo ndi kumusungira mabuku a ndalama. Abambo, tamvani pamenepo: sanaone ngati wachepa.

Zélie anadwala khansa ya m'bere. Mu Juni 1877 anapita ku Lourdes ndi ana ake atatu kukapempha machiritso. Sanachire. Anamwalira pa 28 Ogasiti chaka chomwecho ali ndi zaka 45, Thérèse ali ndi zaka zinayi. Ndikunena izi dala, chifukwa pali alaliki masiku ano amene amati ukapemphera ndi chikhulupiriro chokwanira matenda ayenera kuthawa, ndipo akapanda kuthawa vuto ndi lako. Mayi woyera anapempha kwa Maria pamalo oyera, ndipo anabwerera kwawo kukafa. Chimene analandira chinali mphamvu yotsirizira ulendo mu mtendere, ndi chinthu china chimene ankachilirira kuposa moyo wake: Léonie uja anayamba kusintha mayi ake asanatseke maso, ndipo atayesa kangapo n'kubwerera, mu 1899 analowa usisiteri ku Caen n'kukhalamo mpaka imfa. Louis analera yekha atsikana asanu, onse anadzakhala masisiteri. Atakalamba mutu unasokonezeka, anakhala zaka zitatu m'chipatala cha odwala misala ku Caen komweko, anthu akunong'ona kuti ana ake ndiwo amupengetsa pomusiya yekha. Anamwalira mu 1894. Pa 18 Okutobala 2015, mkati mwa msonkhano wa maepiskopi wokambirana za banja, Papa Francis anawalengeza oyera onse awiri tsiku limodzi. Ndipo zozizwitsa zimene Mpingo unavomereza pamlandu wawo zinali za makanda: kamnyamata ka ku Monza ku Italy kobadwa ndi mapapo osagwira ntchito mu 2002, ndi kamtsikana ka ku Valencia ku Spain kobadwa masiku asanakwane mu 2008. Makolo amene anataya ana anayi ndi amene Mulungu anawamvera pa ana a eni. Chikondwerero chawo ndi pa 12 Julayi.

Asanafike iwo panali Luigi ndi Maria Beltrame Quattrocchi a ku Rome, banja loyamba kulengezedwa odala pamodzi, mu 2001. Mpingo unaika chikondwerero chawo pa 25 Novembala, tsiku la ukwati wawo. Oyera ambiri timawakumbukira patsiku la imfa, awa patsiku limene anagwirana dzanja.

Wina angati amenewo ndi azungu. Monica anali wa kuno ku Africa, wa ku Thagaste, kumene lero ndi Souk Ahras m'dziko la Algeria. Mwamuna wake Patricius sanali Mkhristu, anali wa mtima wapachala ndiponso wosakhulupirika. Apongozi ake aakazi anayamba kumuda chifukwa cha miseche ya antchito a pakhomo, mpaka anadzaona okha khalidwe lake n'kuletsa misecheyo. Mwamuna anabatizidwa atatsala pang'ono kufa. Koma chimene ndimafuna makolo amve ndi cha mwana wake Augustine. Mnyamata wanzeru, wosiya chikhulupiriro cha mayi ake, wokhala ndi mkazi popanda ukwati. Atafuna kupita ku Rome, Monica anamutsatira mpaka kudoko la Carthage, akupempha Mulungu kuti ulendowo ulephereke. Augustine anamunamiza, n'kukwera chombo usiku mayi ake akupemphera m'kachalitchi ka pafupi. Pemphero la usiku umenewo Mulungu sanaliyankhe. Koma ulendo womwewo ndi umene unafikitsa mnyamatayo ku Milan, kwa episkopi Ambrose, amene anamubatiza pa Pasaka wa chaka cha 387. Mulungu anakana chimene mayi anapempha ndi pakamwa kuti apereke chimene ankapempha ndi misozi kwa zaka zoposa khumi. Monica anamwalira chaka chomwecho ku Ostia, ndipo chimene anapempha ana ake n'chakuti azimukumbukira paguwa la Ambuye. Inu amene mwana wanu analowerera ku Joni ndipo sakuimbanso foni, inu amene mtsikana wanu anasiya tchalitchi, pa 27 Ogasiti ndi tsiku la nkhoswe yanu.

Akuluakulu ena muno munapita kukaona Papa John Paul II atabwera m'dziko muno mu Meyi 1989. Paulendo womwewo, masiku ochepa asanatere ku Zambia ndi kuno, anali ku Antananarivo kumene analengeza wodala mayi wa ku Madagascar, Victoire Rasoamanarivo. Anali wa banja lotchuka, wokwatiwa mu 1864 ndi mwana wa nduna yaikulu, mwamuna woledzera ndi wachiwerewere mpaka apongozi ake enieni anamulangiza kuti amusiye. Iye anakana, anamupempherera zaka zoposa 20, ndipo mwamunayo anapempha ubatizo ali pafupi kufa. Ansembe atathamangitsidwa pa nkhondo ya 1883, ndi mayi ameneyu anayendera Akhristu n'kuteteza matchalitchi kuti asatsekedwe. Sanaberekepo mwana. Inu amene mwakhala zaka popanda mphatso, achibale akunong'oneza za mkazi wachiwiri kapena za fisi, dziwani kuti Mpingo umati ukwati wanu ndi wathunthu, sakramenti lake silinaperewere, ndipo muli ndi Victoire, muli ndi Zakariya ndi Elizabeti, amene amadziwa kulemera kwa mafunso a anthu.

Koma apa ndiime kaye, chifukwa nkhani za Monica ndi Victoire zagwiritsidwapo ntchito molakwika, ndipo ife ankhoswe tili ndi mlandu. Mayi amabwera diso litatupa, ife n'kumubweza ndi mawu akuti banja ndi kupirira. Ena mwa amayi amenewo tinadzawaperekeza kumanda. Mpingo suphunzitsa zimenezo. Lamulo lake, nambala 1153, limalola wapabanja kuchoka ngati mnzake akuika moyo wake kapena wa ana pachiswe, m'thupi kapena mumzimu. Papa Francis, m'kalata yake ya 2016 yonena za chikondi m'banja, anabwerezanso kuti nthawi zina kupatukana kumakhala kofunika pofuna kuteteza wofooka ndi ana. Kupirira umphawi, matenda, kusiyana maganizo, ngakhale kukhululukira wolapa, ndi njira ya oyera. Kugona pansi pa chikwanje si chiyero. Mayi wotere athawe, akanene kwa bambo mfumu ndi kupolisi, ndipo mwamunayo amupempherere ali patali. Palibe woyera kumwamba amene angakondwe kumva dzina lake likutchulidwa pobweza munthu kokaphedwa.

Kwa abambo ndasungira mmodzi, Benedict Daswa wa ku Limpopo ku South Africa, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale, bambo wa ana asanu ndi atatu. Anthu a m'mudzi mwake ankamuseka chifukwa ankachapa matewera ndi kuthandiza mkazi wake ntchito za pakhomo, mpaka ena ankati anadyetsedwa. Ziphaliwali zitatentha nyumba zingapo, mudzi unagwirizana kuti aliyense asonkhe marandi asanu okalipira sing'anga woti aloze mfiti. Daswa anakana, poti mphezi ndi chilengedwe ndipo ndalamayo ikanaphetsa munthu wosalakwa. Pa 2 Febuluwale 1990 anamutchingira msewu madzulo n'kumupha. Analengezedwa wodala pa 13 Seputembala 2015. Uyu si wa m'zaka za makedzana; ana ake alipo. Bambo amene mukuopa kusekedwa kubawo chifukwa mwanyamula mwana kumbuyo, kapena mukuumirizidwa ndi abale kuti mukaombeze imfa ya m'banja n'kuloza gogo wina, itanani Daswa. Ndipo pambali pake pali Yosefe woyera, amene m'Mthenga wonse simumva liwu lake, mumangomuona akudzuka usiku kunyamula mkazi ndi mwana kupita kumene kuli chitetezo.

Nanga timawaitana bwanji ankhoswe amenewa? M'buku la Tobiti muli banja latsopano, Tobiasi ndi Sara. Mtsikanayo anali atafedwa amuna asanu ndi awiri, aliyense usiku wa ukwati, ndipo usiku wa ukwati umenewu bambo ake anadzakumba manda achisanu ndi chitatu. Chitseko chitatsekedwa, Tobiasi anauza mkazi wake kuti adzuke apemphere kaye. Anapemphera mwachidule, anati amen onse awiri, anagona, kunacha ali moyo. Msonkhano waukulu wa Vatican II unatcha banja kuti Mpingo wa m'nyumba, ndipo kuno timati Mpingo umayambira kumphakati kapena kulimana. Koma mphakati waung'ono kuposa yonse ndi wa anthu awiri atatseka chitseko.

Musayambe ndi zazikulu. Mukalonjeza korona yathunthu usiku uliwonse pamene simunazolowere, pofika Lachitatu mudzakhala mutasiya. Yambani ndi Atate Athu mmodzi, Tikuoneni Maria mmodzi, kenaka aliyense atchule dzina la mnzake pamaso pa Mulungu, mokweza. Pomaliza itanani oyera a maina anu a ubatizo ndi a ana anu, mmodzimmodzi, kuti akupempherereni. Ambiri sitidziwa n'komwe mbiri ya woyera amene tinapatsidwa dzina lake. Funsani akatekisi, ndi ntchito yawo. Ikafika miyezi ya Meyi ndi Okutobala onjezani gawo limodzi la korona pamodzi ndi ana. Tsiku la ukwati wanu likamayandikira kalembetseni Misa, ndipo mukalape nonse awiri sabata imeneyo, chifukwa munthu amene wangomva kumene kuti machimo ake akhululukidwa savuta kukhululukira mnzake.

Usiku wovuta ndi umene mwayambana. Pamenepo mdyerekezi amanong'oneza kuti kupemphera uli wokwiya ndi chinyengo. Ine ndikuti pempheranibe, ngakhale mano ali olumana, ngakhale wina ayang'ane kukhoma. N'kovuta kwambiri kupempha Mulungu kuti akukhululukireni monga inunso mukhululukira, dzanja la amene mwamukwiyira lili m'dzanja lanu, n'kudzuka m'mawa mtima uli chimodzimodzi. Mwina mkwiyo sutha usiku womwewo, koma umakhala utang'aluka.

Inu amene amuna anu ali ku Johannesburg kapena akazi anu ali ku Britain, panganani ola limodzi. Foni imene imatumiza ndalama ndi zithunzi ingathenso kunyamula Tikuoneni Maria atatu. Inu amene munakwatirana ndi wa mpingo wina, Atate Athu ndi Masalimo n'zanu nonse. Oyera muziwaitana mumtima, osasandutsa pemphero kukhala bwalo la mtsutso. Inu amasiye, mnzanu amene anatsogola muzimuperekera Misa monga anapemphera Monica.

Ndi inu amene mwakhala limodzi zaka khumi, ana anayi, koma simulandira Ukaristia chifukwa mukudikira ndalama za phwando, ndikupempheni ndi mtima wonse. Sakramenti limafuna inu awiri, maphunziro a ukwati, wansembe ndi mboni ziwiri. Holo ndi keke si lamulo la Mpingo. Musadzimane chaulere chifukwa choopa kuti anthu adzati ukwati wake unali wa tiyi. Kaonaneni ndi bambo mfumu sabata ino, ndipo ife a m'miphakati tileke kuyeza ukwati ndi kuchuluka kwa magalimoto.

Aja a pansi pa mtengo wa mango, ngongole tinaikonzera ndondomeko yobwezera, ndipo mkazi anabwerera kunyumba tsiku lachitatu. Tisanabalalike ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti kwa mwezi wathunthu asagone asananene Atate Athu pamodzi ndi kuitana oyera a maina awo. Mkaziyo anadzandiuza kuti sabata yoyamba ankanena mothamanga, aliyense akuyang'ana kwake. Sindikuuzani kuti mavuto anatha. Abweranso kwa ine kawiri chichokereni tsiku lija, ndipo tinakhalanso pansi. Koma mwezi wathawu khanda lija, tsopano ndi mtsikana wa sitandade 2, linadzagona kwathu. Titazimitsa nyali linakana kugona. Linati kwawo sagona asanaitane anthu awo, ndipo linayamba kutchula lokha mumdima: Maria, Yosefe, woyera wa bambo ake, wa mayi ake, wake, wa mng'ono wake, kenaka linandifunsa dzina langa la ubatizo kuti liwonjezere.

Tsopano ndipempha bambo mfumu abwere kutsogolo. Amene muli ndi anzanu pambali, imirirani, mugwirane dzanja lamanja monga munachitira tsiku lija. Amene muli nokha imiriraninso, dzina la mnzanuyo mulitchule mumtima. Tiyamba ndi Maria wa ku Kana, kenaka Yosefe, kenaka aliyense atchule nkhoswe yake mokweza.